TAFUNSANI MADAMU: Akuti mwana wanga achire kaye khunyu nde abwerere ku sukulu

Mwezi uno makalata ambiri afika okhudza ana aulumali ku sukulu, moti ena ndawasungira mwezi wa mawa chifukwa malo achepa. Amene mwangoyamba kumene kuwerenga tsamba lino, ine ndi mphunzitsi wopuma, ndadya fumbi la choko zaka zambiri ku pulayimale ndipo zaka zomalizira ndinali mu resource room, chipinda chothandiziramo ana aulumali, nditabwera ku kosi ya uphunzitsi wa ana aulumali ku Montfort ku Nguludi. Maina a masukulu ndi a anthu ndachotsa dala, musandikwiyire, cholinga nchoti mwana athandizike osati ahedi ayaluke.

Madamu,

Ndili ndi mwana wamkazi wa zaka 9, ali Sitandade 3. Chaka chatha anadwala malungo aakulu mpaka anagonekedwa sabata ziwiri, nde chitulukireni mchipatala anayamba kumagwa khunyu mwa apo ndi apo. Mwezi watha anagwa pa asembule anzake onse akuona mpaka anadzikodzera, mawa lake ahedi anandiitanitsa nkundiuza kuti makolo ena adandaula kuti awapatsira ana awo, bola ndimusunge kaye pakhomo mpaka achire. Pano watha sabata zitatu, mmawa uliwonse amavala yunifomu nkukhala pakhonde kumaona anzake akudutsa. Apongozi anga akuti nzolodza tipite naye kwa asing'anga, bambo ake angoti zii. Kodi ahedi ali ndi mphamvu yobweza mwana chonchi? Nanga matendawa amapatsiranadi?

*Mayi wosweka mtima, Dedza*

Pepani kwambiri mayi. Nditafika pa yunifomu ndi pakhonde paja ndinayika kaye kalata yanu pansi.

Tiyambe ndi funso lachiwirilo poti ndi lomwe lamutsekera mwanayo pakhomo. Matenda a khunyu si opatsirana. Olo mugwire thovu la kukamwa kwake, olo mudyere mbale imodzi, olo aphwise inu muli pompo, palibe chomwe mungatenge. Tonse tinakula nazo zimenezi, inenso ndili kamtsikana munthu akagwa tinkathawa titatsina mphuno, koma nzabodza. Vuto limakhala mu ubongo, timauthenga ta mmenemo timayenda ngati magetsi nde nthawi zina timasokonekera kwa kanthawi ngati mawaya agundana, munthu nkugwa. Ndipo inu mwanena nokha pomwe zinayambira. Malungo akafika ku ubongo amatha kusiya chipsera, ana ena zimayamba chifukwa anavutika pobadwa, ena matenda oumitsa khosi, ena anavulala mmutu. Apongozi anuwo musakangane nawo, mungotaya nthawi ndi ulemu, atengeni tsiku lopita ku chipatala akamve okha kwa adokotala.

Simunanene ngati akumwa mankhwala. Ngati sanayambe pitani sabata yomweino, mzipatala za boma mumakhala mankhwala monga phenobarbitone ndi carbamazepine ndipo ana ambiri akamamwa mwandondomeko kugwa kumachepa kwambiri, ena kumasiyiratu. Chachikulu asadumphitse, komanso asasiye mwadzidzidzi olo atatha miyezi ingapo osagwa, olo wina akuuzeni kuti tamupempherera wachira tayani mapilisi. Kusiya mwadzidzidzi nkomwe kumabweretsa kugwa koopsa kuja kosalekeza. Akamasinza kwambiri mkalasi kauzeni achipatala aone mlingo wake, osati inu kuchepetsa nokha.

Nde mawu oti "mpaka achire" aja akutanthauza liti? Mankhwalawa amamwa zaka, ndiye kuti ahediwo amuchotsa sukulu mwana wanu mwaulemu chabe. Mphamvu imeneyo alibe. Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 20 limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali ndipo gawo 25 likuti aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro. Lamulo la maphunziro la 2013 linanena kuti pulayimale ndi yokakamiza, mwana aliyense azipita, ndipo palinso lamulo la anthu aulumali la 2024 lomwe linalowa mmalo mwa lija la 2012.

Koma musapite ku ofesi kuja mukukuwa za magawo ayi, ahedi ambiri si anthu oipa, amangoopa makolo. Tengani buku lake la kuchipatala, pemphani a zaumoyo a mdera lanu, a HSA aja, kuti akuperekezeni, ndipo ngati pasukulupo pali Mother Group tenganiponso mayi mmodzi. Akakanabe muwauze modekha kuti chabwino ahedi, ndilembereni pa pepala kuti mwamubweza ndi chifukwa chake, musayine mudinde. Mudzandiuza ngati adzalembe. Zikavutabe pitani ku TDC, likulu la aphunzitsi la zoni yanu, mukaonane ndi a PEA, mlangizi wa masukulu a pulayimale, iwowo ndi bwana wa ahedi, ndipo ku ofesi ya maphunziro ya pa boma kumakhalanso munthu woona za special needs, maphunziro a ana ofunika thandizo lapadera.

Akabwerera ntchito ikhala pa anzake a mkalasi. Ine ndinali ndi mnyamata wina Sitandade 5, tsiku loyamba kugwa kalasi yonse inathawira pa windo ndi pakhomo, kamtsikana kena kanabwera ndi supuni kuti timuike mkamwa asameze lilime, ndinachita kukalanda. Munthu sameza lilime, supuniyo imangothyola mano. Mawa lake ndinasiya masamu, ndinayala mkeka kutsogolo, ndinagona ndekha nkuwauza kuti ine ndagwa, chitani. Anaseka mpaka misozi koma anaphunzira: kusuntha madesiki ndi miyala, kupinda juzi nkuika kunsi kwa mutu, osamupanikiza manja ndi miyendo, kugwedezeka kukatha kumugoneka chammbali kuti malovu atuluke, osamupatsa madzi kapena phala mpaka atatsitsimukiratu. Mnzake wapamtima ndinamupatsa udindo woyang'ana wotchi yanga, zikadutsa mphindi 5 asanasiye kapena akagwanso asanadzuke bwinobwino basi tithamangire ku chipatala. Ndipo mu kabati ndinkasungamo chitenje chakale. Mwana akadzikodzera chomwe chimamupweteka si kugwako, ndi maso a anzake akamadzuka, nde ndinkangomufunditsa mchiuno asanatsegule maso. Apatseni aphunzitsi ake chitenje chimodzi, muwafotokozere ntchito yake.

Asamayandikire moto wophikira phala, asamatumidwe yekha ku chitsime kapena ku mtsinje, mitengo ya mango asiyire anzake. Koma phada, fulaye, kusesa, zonsezo azichita ngati wina aliyense.

Madamu,

Ine ndi mphunzitsi, ndangotha zaka ziwiri chichokereni ku TTC. Kalasi yanga ya Sitandade 4 muli ana opitirira 120, madesiki kulibe, masiku ena timaphunzirira pansi pa mtengo chifukwa chipinda timasinthana ndi a Sitandade 3. Muli mnyamata wachialubino amene amakopera zolakwika zokhazokha, buku amachita kuligunditsa pamphuno ndipo tikakhala panja amangotsinzina. Mulinso mtsikana wabwereza kawiri, olo dzina lake lomwe amalemba zilembo zozondoka. Anatiitana ku wekishopu ya inclusive education, zoti ana aulumali aziphunzira limodzi ndi anzawo, anatipatsa zakumwa ndi ka alawansi, basi zinathera pomwepo. Ndinene zoona Madamu ine ndimangowasiya anawa, sikuti ndimadana nawo koma ndiyambira pati? Kodi zoti ana onse aziphunzira limodzizi si chinyengo chabe cha mmaofesi?

*Mphunzitsi wotopa, Machinga*

Aphunzitsi anzanga, zikomo chifukwa chosabisa, ambiri amangowasiya koma sanena. Ndipo mbali ina mukunena zoona, kulowetsa mwana mkalasi nkumulemba mu rejisitala sikuti waphunzira, ena mwa ana amene timanyadira mmalipoti kuti tawaphatikiza amangobwera kudzakhala pansi nkumadikira phala.

Mudziwe komwe zinachokera. Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale ana anakhamukira ku sukulu, kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha mma 3 miliyoni, zipinda ndi aphunzitsi zili zomwe zija. Walira mvula walira matope, matope ake ndi omwe mukupondawo mpaka lero, boma limafuna ana 60 pa mphunzitsi mmodzi inu muli ndi makalasi awiri mmanja. Chaka chomwecho cha 1994 maiko anakumana ku Salamanca ku Spain nkugwirizana kuti ana aulumali aziphunzira msukulu zomwe anzawo akuphunzira, dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, kenako unduna unatulutsa ndondomeko ya inclusive education ya 2017 mpaka 2021. Mapepala tili nawo okwana ndithu. Koma dziwaninso kuti kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu a zaka 5 kupita mtsogolo, pafupifupi mmodzi pa 10 aliwonse ali ndi ulumali wina wake, nde olo titamanga sukulu yapadera boma lililonse sangakwanemo. Anawa ali kale mkalasi mwanu, ndipo ndikhulupirireni si awiri okhawo amene mwawaonawo.

Tiyambe ndi mnyamatayo poti zake nzosafuna ndalama. Chialubino sichikhudza khungu lokha, chimakhudzanso maso, pafupifupi onse amaona movutikira makamaka zakutali, maso amagwedezekagwedezeka ndipo kuwala kumawathobwa. Si wosaona ayi, ndipo musalole wina akuuzeni kuti akufunika Braille, zilembo za osaona zija, basi chifukwa choti ndi mwalubino, ambiri amawerenga zilembo wamba bola zikhale zazikulu ndi zakuda bwino. Kugunditsa buku pamphuno musamuletse, ndi mmene amaonera. Akukopera zolakwika chifukwa bolodi sakuliona, akungoganizira.

Mawa mmawa muitaneni nokha anzake asanalowe, lembani mawu pa bolodi, mumuuze ayende mpaka pomwe akuwerenga bwino, pamenepo ndi pamalo pake olo patakhala pa mapazi anu. Musamusankhire inu, ena amaona bwino atapendeketsa mutu mbali imodzi. Muloleni azidzuka kupita pa bolodi osapempha. Mukamalemba muziyankhula zomwe mukulembazo mokweza, zimenezi zithandizanso ena 30 akumbuyo aja. Ine ndinkatenga makalendala akale, kuseri kwake koyera ndinkalembako ndi maka zomwe ndilembe pa bolodi tsikulo nkumupatsa mwana mmanja, mphindi zisanu usiku pokonza lesoni. Azilemba ndi bolopeni yakuda osati pensulo. Mukakhala pansi pa mtengo akhale pakati pa mthunzi dzuwa lili kumsana, ndipo mthunzi ukasuntha nayenso asunthe. Chipewa cha khonde lalikulu azivala olo mkalasi, malaya a manja aatali ndi thalauzi mmalo mwa kabudula, ahedi akati yunifomu muwafunse ngati yunifomu iposa khansa ya pakhungu. Chibalo cholambula pabwalo masana ayi. Mafuta oteteza khungu ku dzuwa amaperekedwa ulele mzipatala za boma ngakhale nthawi zina amasowa, akumbutseni makolo, ndipo a APAM, bungwe la anthu achialubino, amathandiza kulondolera. Ku chipatala cha maso akamuyezenso, magalasi samaliza vuto lonse koma amachepetsako.

China, nonse mukudziwa za kubedwa ndi kuphedwa kwa anthu achialubino komwe kwakhala kukuchitika mdziko muno kuyambira cha mma 2014, ndipo kwanu ku Machingako nkhani zimenezi si zachilendo. Asamayende yekha popita ndi poweruka, mupezereni gulu la kumudzi kwawo, ndipo munthu wosamudziwa akabwera kuti ndatumidwa ndidzamutenge musamupereke. Maina aja oti napwere, mzungu dala, kapena kumukuwiza kuti ndalama, muwathetse ngati mmene mumathetsera kutukwana. Kalembera yemwe uja anapeza anthu achialubino opitirira 134,000 mMalawi muno, ndipo mu 2021 a Overstone Kondowe anapambana chisankho ku Nkhotakota nkukhala phungu woyamba wachialubino. Auzeni ana anu zimenezo tsiku lina pa Social.

Mtsikanayo nde ovuta pang'ono. Musanamutche dzina lililonse onani kaye zinthu wamba, kodi amamva bwino, mkhutu simutuluka mafinya, amaona, amabwera atadya, amajomba masiku angati pa mwezi. Zonsezo zikakhala bwino mufunseni mafunso pakamwa pa zomwe mwaphunzitsa. Mukapeza kuti pakamwa amayankha bwino koma pepala ndi lomwe limamukanika, ameneyo si mbuli, ali ndi vuto la kuwerenga ndi kulemba, ndipo kumubwerezetsa kachitatu mwa njira yomweyomweyo sikusintha kanthu, angokula msinkhu anzake nkumamuseka kuti agogo a kalasi mapeto ake akwatiwa. Bwererani naye ku maphatikizo, ba be bi bo bu, pa timakadi ta makatoni, azilemba pa mchenga ndi chala uku akutchula, b ndi d musaphunzitse tsiku limodzi. Mphindi 10 pa buleki katatu pa sabata, masiku ena mupatseni mnzake wodekha, osati wanzeru kwambiri uja, anzeru kwambiri sachedwa kupsa mtima. Ndipo changu chikufunika chifukwa Sitandade 5 zonse zimatembenukira ku Chingerezi.

Musasenze nokha. Funsani a PEA ngati zoni yanu ili ndi itinerant teacher, aphunzitsi a special needs oyendayenda aja, kapena resource room yapafupi, abwere adzawaone anawa. Pokonza pulani ya sukulu ya ndalama za SIG, zija boma limapereka zotukulira sukulu, imikani dzanja, utoto wa bolodi ndi maka zilowemo, bolodi lotuwa ngati phulusa lija olo mwana wa maso abwino amavutika nalo. Ndipo mnyamatayo alembedwe kuti amaona movutikira kuyambira pano, kuti akadzafika Sitandade 8 nthawi yolembetsa mayeso ahedi adzadziwitse a MANEB, iwo amakonza mapepala a zilembo zazikulu ndi a Braille koma amakonzera mwana amene auzidwa. Ndaonapo mwana wakhama akulandira pepala la tizilembo ting'onoting'ono tsiku la mayeso chifukwa wina anaiwala kuchonga bokosi limodzi pa fomu.

Madamu,

Mwana wathu wamwamuna wakwanitsa zaka 6, samva ndipo sayankhula chibadwire. Pakhomo timamvana ndi manja, akafuna madzi, akafuna kugona timadziwa. Ine ndikufuna apite ku sukulu ya ana osamva yogonera konko koma mayi ake akukana, akuti ndi wamng'ono ndipo pa wailesi akunena kuti masiku ano ana onse aziphunzira pa sukulu ya pafupi. Takangana mpaka nkhani yafika kwa ankhoswe. Tithandizeni.

*Bambo wa ku Ntcheu*

Bambo, apa anzanga ena a mmabungwe andida koma ndinena maganizo anga. Pa ana onse aulumali, mwana wosamviratu ndi amene ndimakayika kwambiri kumuika pa sukulu wamba yopanda mphunzitsi wodziwa chinenero chamanja. Wa pa wilitcheya akalowa mkalasi amamva zonse, wosaona amamva zonse, koma uyu akhala zaka 8 akuonera pakamwa pa aphunzitsi pakuyenda ngati TV yozimitsa mawu, azikopera za pa bolodi mokongola kwambiri osadziwa olo liwu limodzi tanthauzo lake, aphunzitsi nkumachonga.

Chomwe mwana wanu akusowa pano si masamu, ndi chiyankhulo. Manja a pakhomo a madzi ndi kugona aja ndi abwino koma sangamufotokozere kuti dzulo ndi chani, chifukwa ndi chani, agogo anamwalira ndiye kuti chani. Chinenero chamanja cha ku Malawi ndi chiyankhulo chathunthu chokhala ndi malamulo ake, ndipo mwana amachitola msanga akakhala pakati pa anzake ochiyankhula, zaka zikamapita zimavutirapo. Nde zaka 6 si zochepa ayi, wachedwa kale pang'ono. Inu muli ndi mwayi poti Mua ku Dedza si kutali ndi kwanu, kulinso Mary View ku Chiradzulu, Mountain View ku Thyolo, Embangweni ku Mzimba ndi Bandawe ku Nkhata Bay. Malo amakhala ochepa nde kafunseni msanga, musadikire September.

Koma mayi akewo musawaone ngati obwerera mmbuyo, mantha awo ndi omveka, mwana amene sanganene chomwe chamuchitikira mayi aliyense angaope kumusiya mmanja mwa eni. Pitani nawo limodzi akaone komwe ana amagona, akacheze ndi amatroni, akaone ana akusewera. Ndipo inu nonse awiri ndi abale ake muphunzire chinenerocho, a MANAD, bungwe la anthu osamva, angakulozereni poyambira. Chomvetsa chisoni chomwe ndaona kambirimbiri nchoti mwana amabwera ku holide ali ndi nkhani zodzadza mmanja, pakhomo palibe womumva, mpaka amayamba kuwerenga masiku oti abwerere ku sukulu.

Musanapange chilichonse kamuyezetseni makutu, ku Queens ku Blantyre kuli kiliniki ya zamakutu, ku Lilongwe kuli ya ABC. Ana ena amene timati samva amakhala akumvako pang'ono ndipo kamakina ka mkhutu kamawathandiza, akakhala wotero nkhani ya sukulu yapafupi tingaikambenso.

Madamu,

Ine ndilankhule mosapsatira. Mkalasi mwa mwana wanga aikamo mwana wozerezeka amene amangodzuka nkumayendayenda ndi kukuwa, aphunzitsi amathera nthawi pa iyeyo. Ife tikufuna ana athu asankhidwe ku sekondale zabwino. Bwanji ana oterewa osawapezera kwawo?

*Kholo, Lilongwe*

Kwawo nkomweko bambo kapena mayi, simunadzitchule. Akulu anati lungalunga mpobadwa chilema chichita kudza, werenganinso kalata yoyamba ija, mwana uja mpaka chaka chatha anali ngati wanuyo, udzudzu umodzi basi.

Dandaulo lanu lili ndi pake pamodzi, mphunzitsi akasiyidwa yekha ndi mwana wofuna chisamaliro chambiri kalasi imasokonekeradi. Nde mphamvu zomwe mukufuna kuthamangitsira mwanazo kazigwiritseni ntchito ku msonkhano wa PTA, funsani kuti mphunzitsi wa special needs anabwerapo liti kudzamuona, funsani ngati komiti ingapeze munthu wothandizira mkalasimo maola ena. Ana oterewa nthawi zambiri amadekha akadziwa ndondomeko ya tsiku, akakhala malo amodzimodzi kutali ndi phokoso la pakhomo, ndiponso akamapatsidwa tintchito todzukira monga kufufuta bolodi ndi kugawa makope. Mawu oti wozerezekawo musawatchulenso pamaso pa mwana wanu, mawa akawanena ku sukulu.

Madamu,

Ndikulemba kuchokera ku Johannesburg komwe ndikugwira maganyu. Kumudzi ndinasiya mlongo wanga wa zaka 13 amene sayenda, miyendo inafooka ali wakhanda. Amayi ankamubereka kumsana kupita naye ku sukulu mpaka anakula nkuyamba kulemera. Ndinadzimana ndinamugulira wilitcheya nkutumiza pa basi, anasangalala kwambiri, koma temu ino ndamva kuti wasiyanso kupita. Ndikamufunsa pa foni amangoti palibe, ndatopa nayo sukulu. Chikhalirecho amakhoza bwino, anali nambala 4. Ndapsa mtima Madamu, ndalama ija ndinaivutikira. Ndimutani?

*Mchimwene wake, Joni*

Mwana wanga, usamukalipire. Mtsikana wa nambala 4 satopa ndi sukulu, pali chomwe sangakuuze iwe mchimwene wake pa foni, ndipo ine ndikuganizira chimbudzi.

Taganiza zimbudzi za sukulu ya kwanu mmene unazisiyira. Zili kumapeto kwa bwalo kuseri kwa mchenga kapena matope, pakhomo pali sitepe, chitseko nchopapatiza moti wilitcheya singalowe, mkati ndi dzenje lonjuta ndipo pansi ponyowa ndi mikodzo ya ana mazana. Mwana wosayenda kuti alowemo ayenera kutsika nkukwawa ndi manja, manja omwewo akagwire kope ndi kudyera phala. Ndinali ndi mtsikana wina amene sankamwa olo dontho la madzi kuyambira usiku mpaka kuweruka kuti asafune kutaya madzi, milomo inkachita kusweka, ndinazindikira patatha temu yathunthu ndipo mpaka lero ndimadziimba mlandu. Nde wakoyo ali ndi zaka 13, mwina wangotha msinkhu kumene, masiku a kumwezi mchimbudzi chotere ndi pomwe atsikana ambiri aulumali amasiyira sukulu.

Uwatume amayi kapena azakhali amufunse paokha mofatsa. Ikakhala imeneyo, ndalama yotsatira usatumize ya nsapato. Amayi akakambe ndi ahedi ndi a komiti ya sukulu kuti chimbudzi chimodzi cha atsikana chikonzedwe, akulitse khomo, sitepe aisandutse rampu yosatsetsereka kwambiri, akhome chitsulo kapena mtengo wolimba kukhoma chogwirira, kalipentala wa pamudzi apange kampando kathabwa kobowola pakati koika pamwamba pa dzenje, ndowa ya madzi ndi sopo, ndipo chikhale ndi loko kiyi azisunga iyeyo ndi aphunzitsi aakazi amodzi. Matumba angapo a simenti ndi mmisiri wa tsiku limodzi kapena awiri, njerwa ndi mchenga makolo amatha kusonkha, ndipo komiti ikhoza kuikako ya SIG chifukwa chimbudzicho chidzatsala pa sukulu iye atapita ku sekondale.

Ufunsenso za wilitcheya yomweyo. Zambiri zogula mmashopu ku Joniko ndi za mchipatala, za matayala ang'ono kutsogolo, pa simenti zimayenda bwino koma mu mchenga wa kumudzi zimatitimira ndipo womukankha amatopa nkuyamba kuzemba. Ngati ndi choncho akaonane ndi a MAP, bungwe lija loona za anthu ovutika kuyenda, kapena a fizio pa chipatala cha boma, amuyeze ndi kumuona ngati sakutuluka zilonda za kumatako chifukwa chokhalitsa, khushoni yabwino ndi yofunika kuposa mmene anthu amaganizira. Undilemberenso azakhali akamufunsa, ndikufuna ndidziwe ngati ndalasa.